Lipoti la maphunziro a focus stacking kwa mamembala a gulu lathu la ojambula zithunzi ku Kasungu

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse, landirani lipoti la ulendo womwe munandituma ku Lilongwe kukachita nawo maphunziro a masiku atatu a kajambulidwe ka zinthu zing'onozing'ono, makamaka luso lomwe eni ake amalitcha focus stacking, lolumikiza zithunzi zambiri za chinthu chimodzi kuti chonse chioneke bwino. Ndikuthokoza chifukwa ndalama zoyendera, zogonera ndi zolipirira maphunzirowa zinachokera m'thumba la gulu, lomwe tonse timasonkhamo movutikira, ndipo malisiti onse ndawasiya kale m'manja mwa a Msungichuma kuti wofuna kuwaona awaone. Lipotili ndalitalikitsa dala poganizira anzathu a ku Chamama, ku Santhe, ku Nkhamenya ndi kwa Chulu, omwe safika pa boma kawirikawiri ndipo aliwerengera pa foni.

Ndiyambe ndi vuto lomwe luso limeneli limathetsa, pakuti ambiri a ife tinakumana nalo ngakhale sitinkadziwa gwero lake. Aliyense amene anajambulapo mphete za ukwati zitaikidwa pa duwa akudziwa kuti ukayandikira kwambiri, mphete yakutsogolo imaoneka bwino pomwe inzake, yomwe ili pambali pomwepo, imatuluka mwachimbuuzi. Ine ndinkayesa kuti lenzi yanga yatha. Mphunzitsi wathu sanayambe ndi mawu ambiri. Anagoneka rula patebulo mopendeketsa, nkuijambula chapafupi, kenaka nkutionetsa pa sikirini yaikulu kuti mizere iwiri yokha ndiyo inkawerengeka, yotsalayo inali itasungunuka kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Lenzi iliyonse, yotsika mtengo ngakhale yodula, imaika fokasi pa mtunda umodzi wokha, ndipo chomwe chimaoneka bwino ndi kachigawo kozungulira mtundawo. Pojambula munthu ataima patali, kachigawoka kamakhala kakakulu moti sitizindikira kanthu, koma pamene ukuyandikira chinthu kamapyapyala mofulumira kwambiri. Chinthu chikamagwera pa sensa ya kamera (kachipangizo ka mkati kolandira chithunzi) mu kukula kwake kwenikweni, komwe amakulemba kuti 1:1, ndipo lenzi ili pa f/8 (nambala ya kabowo kolowetsa kuwala, yomwe ikakula kabowoko kamachepa), gawo looneka bwino limangokwana milimita imodzi kapena kucheperapo. Nankafumbwe wa m'chimanga ndi wotalika mamilimita atatu kapena anayi, choncho ukamujambula chakumaso umapeza kamlomo kake kokha, thupi lonse lili mbuu.

Funso lomwe ndinafunsa nthawi yomweyo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu mukanafunsanso, ndi lakuti bwanji osangochepetsa kabowo kolowetsa kuwala mpaka f/22, monga timachitira pojambula anthu ambiri pamaliro kapena patchalitchi. Yankho lake ndi lakuti kabowoko kakachepa kwambiri, kuwala kumamwazika podutsa m'mphepete mwake, ndipo chithunzi chonse chimafooka ngakhale pamalo pomwe pali fokasi. Vutoli amalitcha diffraction, ndipo limakula pojambula chapafupi, chifukwa pa 1:1 nambala yomwe waika pa kamera imagwira ntchito ngati yowirikiza kawiri, kutanthauza kuti f/16 imakhala ngati f/32. Anatijambulira phiko la gulugufe pa f/8 ndi pa f/22, ndipo pa chithunzi chachiwiricho timamba ta phikolo, tomwe pa choyamba tinkaoneka tosanjikizana ngati malata a padenga, tinali titangosanduka utoto wopakika.

Focus stacking ndi njira yolambalala mavuto awiri onsewa. Umasiya lenzi pa f/5.6 kapena f/8, pomwe malenzi ambiri amajambula bwino koposa, nkujambula zithunzi zambiri za chinthu chomwecho kamera isanasunthe m'mbali, koma fokasi ukuisunthira kumbuyo pang'onopang'ono pa chithunzi chilichonse. Ukatero pulogalamu ya pa kompyuta imazisanjikiza, nkutola pa chilichonse gawo lomwe latuluka bwino, ndi kulumikiza magawowo kukhala chithunzi chimodzi chooneka bwino kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pofuna kutionetsa pomwe luso limeneli lingafike, anatitchulira Levon Biss wa ku Britain, yemwe mu 2016 anaonetsa zithunzi zikuluzikulu za tizilombo ku Oxford University Museum of Natural History, ndipo chithunzi chimodzi chinkapangidwa kuchokera ku zithunzi pafupifupi 8,000. Ife sitikulinga kumeneko, ndipo ntchito zambiri zomwe tingapeze kuno zimatheka ndi zithunzi zapakati pa 10 ndi 50.

Chachikulu chomwe ndabwera nacho, chomwe ndikupempha kuti muchisunge ngakhale mutaiwala zina zonse za mu lipotili, ndi chakuti ntchito imeneyi imakoma kapena kuonongeka pa nthawi yojambula, osati pa kompyuta. Ndinapita ku Lilongwe ndikuganiza kuti chinsinsi chili mu pulogalamu, koma ndinaona ndi maso anga kuti pulogalamu siingabweze gawo lomwe wojambula analidumpha, ndiponso siingakonze zithunzi zomwe kamera inagwedezeka pozijambula.

Ndifotokoze zomwe zinandichitikira pa tsiku lachiwiri, chifukwa mmenemo ndi momwe ndinaphunzirira zenizeni. Aliyense anauzidwa kuti abwere ndi chinthu cha kwawo, ndipo ine ndinatenga mtedza wosasenda wochokera m'thumba la kunyumba. Ndinasankha khoko limodzi lomwe linali litang'aluka pang'ono. Ulendo woyamba ndinajambula zithunzi 14, ndikupotoza fokasi ndi dzanja mmene ndinkaonera kuti ndi pang'ono. Zitalumikizidwa, khokolo linatuluka ndi mizeremizere, pena pooneka bwino, pena pachimbuuzi, penanso pooneka bwino, ngati munda womwe wopalira ankalumpha mizere. Mphunzitsi anandiuza kuti ndinkapotoza kwambiri, ndipo gawo looneka bwino la chithunzi chilichonse liyenera kulowererana ndi la chinzake chotsatira, monga mmene timasanjira udzu pofolera kuti madzi asapeze polowera. Ulendo wachiwiri ndinachepetsa kapotozedwe, koma ndinali nditatsamira patebulo lomwe panali mtedzawo osazindikira, ndipo khokolo linatuluka ndi mphepete ziwiriziwiri. Ulendo wachitatu ndinachotsa manja patebulo, ndinatchera kamera kuti izidikira masekondi awiri ndikadina, ndinaleka ngakhale kusuntha mapazi, ndipo ndinajambula zithunzi 41.

Chomwe chinatuluka pa sikirini sindinachionepo chiyambire, ngakhale mtedza ndaulima ndi kuusenda kuyambira ndili mwana. Mitsempha ya khokolo inaoneka yolukana ngati ukonde, ndipo m'timaenje ta pakati pake munali timiyala ta dothi lathu la katondo, kalikonse pakokha ndi mthunzi wake. Mkati mwa mng'aluwo, pa njere yeniyeniyo, panali chuku chobiriwira motuwirako chomwe ndi maso sindinachione mpang'ono pomwe, ndipo chinaoneka ngati timitengo tating'ono tokhala ndi timitu taufa. Ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ndinakumbukira kuti chuku cha mtundu wa Aspergillus ndicho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe alangizi a zaulimi amatichenjeza naye chaka ndi chaka, ndipo mtedza umenewu ndi womwe tinkasinjira kunyumba. Kuchokera nthawi imeneyo ndinasiya kuona luso limeneli ngati lokongoletsera zithunzi chabe.

Pa katcheredwe ka kamera, lamulo ndi lakuti chilichonse chikhale cha manyuwo ndipo chisasinthe kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza. Kamera ikhale pa M (manyuwo), ISO (mphamvu ya sensa yomva kuwala) ikhale yotsika monga 100 kapena 200, white balance (yofananitsa mitundu ndi kuwala komwe kulipo) isakhale ya otomatiki, ndipo chotetezera kugwedezeka cha mu lenzi chizimitsidwe kamera ikakhala pa tripod, choimikapo chake cha miyendo itatu. Umayamba fokasi patsogolo pang'ono pa chinthucho ndi kumalizira kumbuyo kwake, chifukwa zithunzi zotsala ungazifufute koma zosowa sungazipezenso. Uyeneranso kusiya malo okwanira m'mbali, pakuti fokasi ikamasuntha chinthu chimakula kapena kuchepa pang'ono mu chithunzi, ndipo pulogalamu imadula m'mphepete ikamazifananitsa. Kanthu kena kakang'ono koma kothandiza ndi kujambula chala chako usanayambe ndiponso ukamaliza, kuti pa kompyuta uzindikire msanga pomwe gulu limodzi la zithunzi layambira ndi pomwe lathera.

Pali njira ziwiri zosunthira fokasi. Yoyamba ndi kupotoza mphete ya fokasi pa lenzi, yomwe imakwanira pa zinthu zokulirapo monga mphete, wotchi, duwa kapena chisononkho cha chimanga. Yachiwiri ndi kuika kamera pa kanjanji kokhala ndi wononga, komwe kamakankhira kamera yonse kutsogolo ndi gawo la milimita, ndipo imeneyi ndi yofunika pa tizilombo tating'ono kwambiri. Makamera ena amasuntha okha fokasi ukangowauza kuchuluka kwa zithunzi. Olympus inaika luso limeneli mu E-M1 mu 2015, Nikon mu D850 ya 2017, ndipo Canon mu EOS RP ndi 90D za 2019. Ambiri a ife tili ndi makamera akale oposa amenewa, koma zimenezi zisatifooketse, chifukwa chithunzi changa cha mtedza ndinachijambula ndi kamera yomwe nonse mumaidziwa, ndikupotoza ndi dzanja.

Za kuwala tinakambirana nthawi yaitali, ndipo pano pali zomwe zikutikhudza ife a kuno mwapadera. Kuwala kwa pawindo ndi kokoma, koma kumasintha mtambo ukadutsa, ndipo zithunzi zina zikada pomwe zina zawala pulogalamu imasiya mabanga. Tochi ya LED yochajidwa bwino ndi yodalirika kuposa windo, komanso siidalira magetsi, omwe akhoza kuzima uli pakati pa ntchito. Kuwalako kusagunde chinthucho mwachindunji, makamaka tizilombo ta khungu lonyezimira, ndipo ife tinagwiritsa ntchito kapu yoyera ya pepala yodulidwa kunsi, nkuvundikira nayo chinthucho kuti kuwala kufike mofewa mbali zonse. China chomwe chinandidetsa nkhawa ndi fumbi. Kadontho kamodzi ka fumbi pa sensa sikaoneka pa chithunzi chimodzi, koma pa zithunzi 40 zolumikizidwa kamasanduka kamzere ka madontho ngati njira ya nyerere. Ife timajambula m'misewu yafumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo timasintha malenzi panja, choncho tiyenera kuphunzira kupukuta sensa moyenera tisanayambe ntchito yotereyi.

Pa mapulogalamu ndidutsa mwachidule. Odziwika kwambiri ndi Helicon Focus ndi Zerene Stacker, omwe ndi ogula koma amalola kuwayesa kwa masiku 30. Omwe ali ndi Photoshop angagwiritse ntchito Auto-Align Layers kenaka Auto-Blend Layers, ngakhale kuti laputopu yofooka imavutika zithunzi zikachuluka. Aulere aliponso, monga CombineZP ndi Picolay, komanso Enfuse yomwe imabwera ndi Hugin. Mapulogalamuwa amalumikiza zithunzi m'njira ziwiri zikuluzikulu. Ina, yomwe mu Zerene Stacker imatchedwa DMap, imasunga mitundu mwachilengedwe ndipo imayenera zinthu zosalala monga njere ndi masamba. Inayo, yotchedwa PMax, imatha bwino ubweya ndi timiyendo topingasana, koma imalimbitsa chithunzi ndi kuonjezera timadontho tosafunika. Nthawi zambiri pamatsala kuwala kwachimbuuzi kozungulira m'mphepete mwa chinthu chomwe chili kutsogolo kwa chinzake, ndipo kumeneko umakonza ndi dzanja potengera gawolo ku chithunzi chimodzi choyambirira. Apa ndiyenera kunena chomwe sichinandisangalatse pa maphunzirowa, chakuti nthawi yambiri inathera pa mapulogalamu ogula ndi zipangizo zodula, pomwe ambiri a ife tinachokera m'maboma momwe kulipira chinthu cha pa intaneti ndi ndalama zakunja ndi chintchito. Aulerewa anangotchulidwa m'mphindi zochepa, moti Picolay ndinakaiyesa ndekha usiku kogona alendo, ndipo inalumikiza zithunzi zanga za mtedza mokhutiritsa.

Luso limeneli si la tizinthu tating'ono tokha. Pa tsiku lomaliza tinatuluka panja kukayesa pa malo aakulu, pomwe zithunzi zitatu kapena zinayi zimakwanira, china cha pafupi, china cha pakati ndi china cha kutali. Ndili komweko ndinkaganizira za chithunzi chomwe ambiri tayesapo nkulephera, cha tsamba la fodya lili pafupi ndi lenzi, chigafa chili pakati, ndipo phiri la Kasungu likuoneka bwino kumbuyo. Mdani wamkulu panja ndi mphepo, chifukwa tsamba likagwedezeka pakati pa zithunzi ziwiri limatuluka ngati lili ndi mzukwa wake. Nthawi yabwino ndi mmamawa mphepo isanadzuke, ndipo kwa ofuna tizilombo tamoyo, mmawa wa mu Juni ndi Julaye ndi wothandiza chifukwa kuzizira kumatifoola ndipo timakhala phee pa udzu. Ndikumbutsenso omwe amapita ku Kasungu National Park ndi ku Lifupa kuti kumeneko tizijambula zinthu pomwe tazipeza, osatola kachilombo kapena duwa kuti tikajambulire kunyumba, popeza malamulo a malo otetezedwa saloleza kutero popanda chilolezo.

Ndisabise kuti pa ntchito zomwe zimatidyetsa tsiku ndi tsiku, monga maukwati, zinkhoswe, mpira, magule ndi zithunzi za ziphaso, luso limeneli silithandiza kwenikweni, chifukwa chilichonse choyenda sichilumikizika. Pa ukwati lingagwire ntchito pa mphete, keke ndi maluwa basi, ndipo zimenezo uzijambule mwambo usanayambe. Ku maphunziro kuja kunabukanso mtsutso wokhudza chilungamo, pomwe ena ankati chithunzi cholumikiza ndi chabodza. Ine maganizo anga ndi akuti si chabodza, chifukwa palibe chomwe chaonjezedwa kapena kuchotsedwa pa chinthucho, koma ndi bwino kumuuza kasitomala mmene chinapangidwira, ndipo amene akutumiza zithunzi ku nyuzipepala kapena ku mpikisano ayambe wawerenga malamulo a kumeneko, popeza ena salandira chithunzi chochokera ku zithunzi zingapo.

Komwe ndikuona kuti gulu lathu lingapindule ndi kupindulitsa ena ndi ku ulimi. Mbozi za ntchemberezandonda zamtundu watsopano zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Mpaka lero alimi ambiri amazisokoneza ndi kapuchi, pomwe zizindikiro zake ndi zodziwika: pamutu pali chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda oima ngati ngodya za bokosi. Zizindikiro ziwirizi zili kumapeto awiri a mbozi, choncho pa chithunzi wamba cha pafupi chimodzi chimaoneka pomwe china chili mbuu. Chithunzi cholumikiza chimaonetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mlangizi angachionetse pa foni kapena pa pepala ku kalabu ya alimi. Chimodzimodzinso nsabwe zomwe zimafalitsa matenda a khate pa mtedza, anankafumbwe a m'nkhokwe, mawanga a pa tsamba la fodya ndi chuku chomwe ndanena chija. Kupatula alangizi, ogulitsa mbewu, aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale, osema ziboliboli ndi ogulitsa zibangili pa intaneti onse amafuna zithunzi zoonetsa kanthu kakang'ono bwinobwino, ndipo ndi bwino azizipeza kwa ife konkuno m'malo mopita ku Lilongwe.

Potengera zonsezi, ndikupempha komiti kuti isathamangire kugula lenzi ya macro, yojambulira zinthu chapafupi kwambiri, monga tinkaganizira pa msonkhano wathu wapita. Lenziyo ndi yabwino, koma ndi yodula, ndipo ingakwane pa makamera a kampani imodzi yokha pomwe mamembala athu ena ali ndi Canon ndipo ena ali ndi Nikon. Ndalama zomwezo zikhoza kugula tripod imodzi yolemera ndi yolimba, yomwe ndi maziko a ntchito yonseyi, pamodzi ndi ma extension tube a mitundu yonse iwiri ya makamera. Amenewa ndi timachubu topanda galasi tomwe timalowa pakati pa kamera ndi lenzi, ndipo timapangitsa lenzi wamba ya 50mm, yomwe ambiri tili nayo kale, kuti izijambula chapafupi kwambiri. Pogula tionetsetse kuti ndi tokhala ndi timawaya tolumikizira kamera ndi lenzi, chifukwa topanda timawayato sitilola kusintha kabowo ka kuwala pa malenzi ambiri amakono. Kanjanji kadikire kaye mpaka titaona kuti ntchito za tizilombo zayamba kubwera. Ndikupemphanso kuti laputopu ya gulu iikidwe Picolay ndi CombineZP, ndipo tisatsegule masiku 30 oyesera a mapulogalamu ogula mpaka titasonkhanitsa zithunzi zokwanira zoti tiyesere, kuti masikuwo asapite pachabe.

Ngati a Wapampando avomereza, ndili wokonzeka kuphunzitsa zomwe ndaphunzirazi kwa Loweruka awiri otsatizana pamalo pomwe timakumana, Loweruka loyamba kujambula kokhakokha ndipo lachiwiri kulumikiza pa kompyuta. Tidzagawana m'magulu a anthu atatu chifukwa tripod zolimba zomwe tingabwereke ndi zochepa. Aliyense adzabwere ndi kamera yochajidwa, memori khadi yopanda kanthu, tochi, kapu yoyera ya pepala, ndi chinthu chimodzi cha m'munda kapena m'nkhokwe mwake chosapitirira kukula kwa chala chachikulu. Anzathu a kutali omwe sadzatha kufika adziwitse a Mlembi msanga, kuti tikonze tsiku lina lodzakumana nawo ku Santhe kapena ku Nkhamenya.